Injini yakale imasankha oyilo: werengani chigubu musanagule

Chilimwe chikafika, injini za kumudzi sizipuma. Pampu ikukoka madzi kudimba, chigayo chikulira kuyambira m'bandakucha, thirakitala ikukonzekera kugaula minda mvula isanagwe, ndipo kagalimoto kakale kakututa matumba kupita kumsika. Zambiri mwa injini zimenezi n'zakale, kapena n'zatsopano koma zopangidwa mwachikale. Zimapirira fumbi ndi kutentha, ndipo makaniko wa pa tauni yanu amazidziwa mkati monse. Koma pali malo amodzi pamene injini zotere zimagonja msanga mukaziikira oyilo wosayenera. Malowa ndi pamene kamushafiti imakhudzana ndi matapeti.

Pakawonongeka pamenepa ndalama yokonzera imatha matumba angapo a chimanga, ndipo ntchito imaima pa nthawi imene mbewu zikufuna madzi. Lero tikambirane momwe mungasankhire oyilo woteteza malo amenewa.

Chimachitika n'chiyani mkati mwa injini?

Injini iliyonse yoyendera dizilo kapena petulo ya mtundu wa 4-stroke ili ndi mavalavu. Ena amatseguka kuti mpweya ulowe, ena amatseguka kuti utsi utuluke. Chimene chimatsegula mavalavu ndi kamushafiti, chitsulo chachitali chokhala ndi timabampu tooneka ngati dzira. Kamushafiti ikamazungulira, kabampu kalikonse kamakankha kachitsulo kotchedwa tapeti, ndipo m'injini zambiri zakale tapetiyo imakankha kandodo kamene kamakatsegula valavu. Sipuling'i ndiyo imabwezera valavu pamalo pake.

Matapeti alipo a mitundu iwiri. M'injini zambiri za masiku ano tapeti ili ndi kagudumu kumunsi, choncho imagubuduzika pamwamba pa kabampu. M'injini zakale tapeti ndi yafulati: chitsulo chimakwechesana ndi chitsulo chinzake, monga mmene mpeni umayendera pa mwala wonolera. Malo okhudzanawo ndi aang'ono kwambiri, koma mphamvu yonse ya sipuling'i imathera pomwepo. N'chifukwa chake pamenepa ndi pamodzi mwa malo opanikizika kwambiri mu injini yonse.

Tiyeni tiwerengere. Kamushafiti imazungulira kamodzi injini ikazungulira kawiri. Injini ya chigayo ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi, kabampu kalikonse kamakwecha tapeti yake ka 1,000 pa mphindi. Pa maola 8 ogaya, kumeneko ndi kukwechana ka 480,000. Kapampu ka petulo kozungulira ka 3,600 pa mphindi kamapitirira pamenepo. Chotchinga pakati pa zitsulo ziwirizi ndi oyilo yekha basi.

Ndi injini ziti zili m'gulu limeneli?

Ngati muli ndi thirakitala ya Massey Ferguson 135, 165 kapena 290 yokhala ndi injini ya Perkins, kapena Ford 5000, nkhaniyi ndi yanu. MF 135 idapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, koma zambiri zikulimabe mpaka lero. Injini za Lister za m'zigayo ndi m'mapampu, injini za dizilo za pisitoni imodzi zochokera ku China zimene zili m'zigayo zambiri ndi m'makina opunthira chimanga, komanso timainjini ta petulo ta mtundu wa Honda GX160 ndi GX200 ndi tina tofanana nato, zonsezi zili ndi matapeti okwecha. Chimodzimodzinso magalimoto akale onyamula katundu monga Datsun 1200, Nissan 1400, Peugeot 504 ndi Toyota Hilux ya injini ya 2Y, 3Y kapena 4Y.

Mukakayika, funsani makaniko amene adatsegulapo injini yanuyo. Akuuzani ngati matapeti ake ali ndi timagudumu kapena ayi.

Mankhwala obisika mu oyilo

Oyilo wa injini si mafuta chabe. Opanga amathiramo mankhwala osiyanasiyana: ena otsuka mwaye, ena oletsa dzimbiri, ena oletsa thovu, ena oteteza zitsulo kuti zisadyane. Mwa oteteza zitsulowa, odziwika kwambiri ndi ZDDP, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1940. Mankhwalawa ali ndi zinki, fosiforasi ndi salufa. Mayina amenewa si achilendo kwa inu, chifukwa mumawaona pa thumba la feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn. Kusiyana kwake n'kwakuti mu oyilo zinthuzi zidaphatikizidwa mwanjira ina, kuti zizigwira ntchito pa chitsulo.

Pamalo pamene zitsulo zapanikizana kwambiri oyilo amafinyika n'kuthawa. Kutentha ndi kukwechanako kumachititsa kuti ZDDP amatirire pa chitsulo n'kupanga kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso. Kachikopa kameneka ndi kamene kamaperepeseka m'malo mwa chitsulo, ndipo kakatha, mankhwala otsala mu oyilo amapanga kena. Choncho mankhwalawa amanka natha pamene injini ikugwira ntchito. Ichi n'chifukwa china chimene oyilo wokhalitsa amalekera kuteteza ngakhale akuonekabe woterera m'zala.

Kuchuluka kwa mankhwalawa amakuyeza poona fosiforasi kapena zinki amene ali mu oyilo, m'magawo a pa miliyoni, amene pa mapepala amalembedwa kuti ppm. Oyilo wokhala ndi 1,200 ppm ali ndi fosiforasi wolemera pafupifupi galamu imodzi pa lita. N'kanthu kochepa, koma moyo wa kamushafiti wagona pomwepo.

Adawachepetseranji?

Magalimoto a petulo a masiku ano ali ndi kachipangizo mu ekizozi kosefa utsi woipa, kamene amakaniko amati katalitiki. Fosiforasi wopsa limodzi ndi oyilo amakawononga pang'onopang'ono. Kaamba ka ichi, opanga magalimoto adapempha kuti fosiforasi achepe mu oyilo wopyapyala wa magalimoto ang'onoang'ono. Malire adali 1,200 ppm kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, adatsika kufika 1,000 ppm mu 1996, ndipo mu 2004 adatsikanso kufika 800 ppm. Injini zatsopano sizivutika ndi zimenezi chifukwa zambiri zili ndi timagudumu tija.

Izi sizikutanthauza kuti oyilo wa masiku ano ndi woipa. Ndi wabwino kwambiri pa injini zimene adamupangira. Koma oyilo wodula wa galimoto yatsopano ya m'tauni si ndiye woyenera thirakitala ya zaka 50 yogaula dothi louma la mu Okutobala. Kudula kwa oyilo ndi kuyenerera kwake ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Zilembo ziwiri zoyang'ana pa chigubu

Monga mmene simugulira feteleza musanawerenge manambala a pa thumba, oyilonso ali ndi zilembo zofunika kuziwerenga.

Choyamba ndi SAE, chimene chimanena kulimba kapena kupyapyala kwa oyilo. Mukaona 15W-40, nambala yoyambayo ikunena mmene oyilo amayendera injini ili yozizira, ndipo yachiwiri ikunena mmene amalimbira injini itatentha. Nambala yoyamba ikachepa, oyilo amafika msanga m'zitsulo poliza injini m'mawa. Yachiwiri ikakula, oyilo sasungunuka kwambiri pa kutentha. Oyilo wolembedwa SAE 40 yekha alibe mbali ya kuzizira.

Chachiwiri ndi API, chizindikiro cha bungwe la American Petroleum Institute, chimene chimanena gulu la ntchito. Zilembo zoyamba ndi S ndi za injini za petulo: SJ ya 1996, SL ya 2001, SM ya 2004, SN ya 2010 ndi SP ya 2020. Zoyamba ndi C ndi za dizilo: CF, CH-4 ya 1998, CI-4 ya 2002, CJ-4 ya 2006 ndi CK-4 ya 2016.

Mfundo yofunika kuisunga ndi iyi. Malire a 800 ppm aja amakhudza oyilo wopyapyala wa petulo monga 0W-20, 5W-20, 5W-30 ndi 10W-30 wa magulu a SM, SN ndi SP. Oyilo wolimba monga 15W-40 ndi 20W-50 sali pansi pa lamulo limeneli, ngakhale opanga ena amachepetsabe mwakufuna kwawo. Kumbali ya dizilo, CJ-4 ndi CK-4 amaloledwa kufika 1,200 ppm, pamene CH-4 ndi CI-4 alibe malire otere, ndipo ambiri a 15W-40 m'magulu awiriwa amakhala ndi fosiforasi wopitirira 1,000 ppm.

Nanga mugule uti?

Lamulo loyamba ndi buku la injini yanu. Ngati lilipo, tsatirani zimene likunena pa SAE. Ngati lidatayika kalekale, malangizo awa akuthandizani.

Pa thirakitala, pa chigayo cha dizilo ndi pa pampu ya dizilo, gulani 15W-40 wa gulu la CH-4 kapena CI-4. Ameneyu ali ndi mankhwala okwanira oteteza matapeti, amanyamula mwaye wa dizilo, ndipo amapezeka m'malo ambiri omwetsera mafuta. Ambiri a zigayo adazolowera SAE 40. Ameneyu angathe kugwira ntchito kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga, bola akhale wa gulu la CF kapena kuposera apo. Koma ku Dedza, Ntchisi, Mzimba kapena Thyolo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, SAE 40 amalimba usiku ndipo amachedwa kufika kumtunda kwa injini poliza. Nthawi yochepa imeneyo zitsulo zimayenda zouma, ndipo ndi pamene zimadyana kwambiri.

Pa galimoto yakale ya petulo, 20W-50 wa gulu la SJ kapena SL ndi woyenera, makamaka ngati injini yayenda kale mtunda wautali. Muthanso kugwiritsa ntchito 15W-40 wolembedwa zilembo za mbali zonse, monga CI-4/SL. Oyilo wotere ndi wothandiza pakhomo pamene pali injini za dizilo ndi za petulo, chifukwa chigubu chimodzi chimakwanira zonse ndipo mwayi wosokoneza umachepa.

Pa timainjini ta petulo ta mapampu, buku la Honda GX limanena 10W-30 wa gulu la SJ kapena lotsatira. Masipuling'i a mavalavu ake ndi ofewa, choncho matapeti sapanikizika ngati a thirakitala, ndipo oyilo wa masiku ano amakwanira. Chimene chimapha timainjini timeneti kawirikawiri si mtundu wa oyilo, koma kuchepa ndi kukhalitsa kwake. GX160 imalowa oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita, ndipo ilibe sefa ya oyilo. Pang'ono pokha akachepa, ngozi yayandikira. Komanso ikani pampu pamalo athyathyathya, chifukwa ikapendekera m'mbali mwa mtsinje oyilo amathawira mbali imodzi.

Pa njinga yamoto yang'anani chizindikiro cha JASO MA kapena MA2. M'njinga zambiri oyilo yemweyo amayendanso mu kilatchi ndi m'magiya. Oyilo wa galimoto wokhala ndi mankhwala oterereretsa kwambiri angachititse kilatchi kutsetsereka, njinga n'kumalephera chitunda itanyamula matumba.

Oyilo woti mumupewe

Chigubu cholembedwa API SA kapena SB chisiyeni pashelefu. SA alibe mankhwala aliwonse oteteza, ndipo bungwe la API limanena kuti si woyenera injini zopangidwa chitadutsa chaka cha 1930. SB si woyenera injini zopangidwa chitadutsa chaka cha 1951. Chigubu chopanda chilembo cha API n'chokayikitsanso chimodzimodzi.

Chenjeraninso ndi oyilo wopungulira m'mabotolo a madzi kapena a zakumwa m'mbali mwa msewu. Simungadziwe gulu lake poyang'ana mtundu kapena pomugwira m'zala. Wina amakhala oyilo wakale wongosefedwa, woyera m'maso koma mankhwala ake adatha. Ngati ndalama sizikukwana chigubu chonse, sonkhani ndi anzanu a mu kalabu kapena mu sikimu ya mthirira, mugule chigubu chosatsegula cha malita 5 kapena 20 pamalo odziwika, mugawane nokha. Onetsetsani kuti chitsekero sichidadulidwe ndipo zolembedwa sizikufufutika mukapaka chala. Tengani lisiti.

Musasokoneze oyilo wa injini ndi wa ntchito zina. Oyilo wa magiya, wolembedwa 80W-90 kapena GL-5, si wa mu injini. Wa 2T ndi wosakaniza ndi petulo m'makina ocheka matabwa ndi ena a 2-stroke. Pa thirakitala pali mayina awiri ofanana amene amasokoneza anthu: STOU adapangidwa kuti azilowa mu injini, m'magiya ndi mu hayidiroliki, pamene UTTO ndi wa magiya ndi hayidiroliki basi, osati injini.

Nanga timabotolo towonjezera tija?

M'masitolo a zipangizo za galimoto mumapezeka timabotolo tolonjeza kutsitsimutsa injini yotopa. Tambiri timangolimbitsa oyilo kuti utsi ndi phokoso zichepe kwa kanthawi. Sitibwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Tina tilidi ndi zinki, koma opanga oyilo adayeza kale mankhwala onse kuti agwirizane, ndipo kuwonjezera mwachimbulimbuli kumasokoneza muyezo umenewo. ZDDP akachulukitsa amayamba kudya chitsulo chimene amayenera kuteteza, monga mmene feteleza wochuluka amawotchera mbewu. Ndalama ya kabotoloko ndi bwino kuiphatikiza pa yogulira oyilo woyenera.

Makampani akuluakulu a oyilo amatulutsa pepala lofotokoza zimene zili mu mtundu uliwonse wa oyilo wawo, ndipo ena amalembapo kuchuluka kwa zinki ndi fosiforasi. Funsani wogulitsa, kapena uzani mwana wokhala ndi foni ya intaneti afufuze dzina la oyiloyo. Pa injini yakale yogwira ntchito yolemetsa, 1,000 mpaka 1,400 ppm ndi muyezo wabwino. Paja safunsa adadya phula.

Injini yongokonzedwa kumene

Nthawi yoopsa kwambiri kwa matapeti afulati ndi maola oyambirira injini itangomangidwa. Zitsulo zatsopano zimakhala zisanazolowerane, ndipo kachikopa koteteza kaja kamakhala kasanapangike. Kamushafiti ikayamba kudyeka tsiku loyamba, sichira.

Mukapereka injini kwa makaniko, gwirizanani zinthu izi. Kamushafiti yatsopano iyende ndi matapeti atsopano, osati akale. Ngati matapeti akale akubwereramo ndi kamushafiti yake yomwe ija, iliyonse ibwerere pamalo pake, chifukwa idazolowerana ndi kabampu kake. Pomanga, timabampu ndi matapeti azipake mafuta omangira injini. Injini ikalira koyamba isasiyidwe ikungolira pansipansi kwa nthawi yaitali, chifukwa m'injini zambiri zotere timabampu timadalira oyilo wowazika, ndipo injini ikamayenda pang'onopang'ono oyiloyo safika wokwanira. Oyilo woyambayo ndi sefa yake zisinthidwe msanga, chifukwa zimanyamula tizidutswa ta zitsulo zimene zikuzolowerana.

Zizindikiro zoti kamushafiti ikudyeka

Mvetserani injini yanu. Phokoso la kuti tiki tiki kumtunda kwa injini nthawi zambiri limangofuna kuseta matapeti. Koma makaniko akaseta lero, phokosolo n'kubwerera pakatha masiku ochepa, ndiye kuti pali chitsulo chimene chikutha. Zizindikiro zina ndi kuchepa kwa mphamvu, injini kunjenjemera ngati pisitoni imodzi sikugwira ntchito, utsi wachilendo, kapena kuphulika kochokera ku kabureta. Makaniko akachotsa chivundikiro cha pamwamba n'kuzunguza injini ndi dzanja, angathe kuona ngati valavu ina ikutseguka pang'ono kusiyana ndi zinzake.

Pokhetsa oyilo wakale, mutapireni m'beseni loyera n'kumuyang'ana padzuwa. Mukaona tinthu tonyezimira, yendetsanimo maginito. Akatuluka ndi unga wa chitsulo wambiri, imitsani injini mpaka ionedwe. Tizidutswa timeneti timayenda ndi oyilo n'kukawononga mabeyaring'i ndi pampu ya oyilo, ndipo vuto la chitsulo chimodzi limasanduka la injini yonse.

Oyilo wabwino amafuna chisamaliro

Ngakhale oyilo woyenera sangathandize ngati akhalitsa. Pa kainjini ka Honda GX, buku limanena kuti oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola 20 kapena mwezi umodzi, kenako maola 100 aliwonse kapena miyezi 6. Kwa mlimi wothirira maola 5 patsiku, maola 100 amakwana m'masiku 20 okha. Mathirakitala akale ambiri amasintha pakati pa maola 200 ndi 250. Chigayo chimayenda mu fumbi la ufa ndi gaga tsiku lonse, choncho musayembekeze kuti oyilo achite kulimba ngati phala. Sungani kabuku kolembamo tsiku, maola ndi mtundu wa oyilo, makamaka ngati injini ndi ya gulu ndipo oyendetsa amasinthana.

Yezani oyilo m'mawa uliwonse injini isanalire. Khetsani oyilo injini ikadali yofunda kuti zinyalala zituluke naye. Sinthani sefa ya oyilo pamodzi ndi oyiloyo. Samaliraninso sefa ya mpweya, chifukwa fumbi likalowa mu injini limasakanikirana ndi oyilo n'kumanola zitsulo. Mathirakitala akale ali ndi sefa ya mpweya yokhala ndi kambale ka oyilo kumunsi, ndipo m'nyengo yogaula kambaleka kamafuna kuonedwa tsiku ndi tsiku. Oyilo akaoneka ngati tiyi wa mkaka, madzi alowa. Akamanunkha dizilo kapena petulo ndipo akuchuluka yekha, mafuta akudonthera m'kati. Zonse ziwirizi zimafooketsa chitetezo cha matapeti ndipo zimafuna makaniko.

Oyilo wakuda amene mwakhetsa musamuthire m'dimba, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje, ndipo musapake ziweto pofuna kupha nkhupakupa kapena kuchiza zilonda. Ali ndi tizidutswa ta zitsulo ndi poizoni wa utsi amene amalowa pakhungu. Musungeni m'chigubu chotseka, patali ndi ana.

Musanapite kukagula, lembani pa kapepala zinthu zitatu: dzina la injini, nambala ya SAE ndi gulu la API limene mukufuna. Pa dizilo, 15W-40 CH-4 kapena CI-4. Pa galimoto yakale ya petulo, 20W-50 SJ kapena SL. Pa pampu yaing'ono, zimene buku lake likunena, ndi kusintha pa nthawi yake. Wogulitsa akakupatsani chigubu, chitembenuzeni muwerenge kumbuyo musanapereke ndalama.